Galimoto Ukaimvere Ikamadzuka

Limbani mwanangu,

Ndakhala pansi m'kachipinda kanga kuseri kwa nyumba ya abwana, zovala zoti ndisite zili mulu pabedi, koma zidikire. Lero ndi Lachinayi masana. Mawa ukukalipira galimoto ija, Loweruka iwe ndi Tadala mukunyamuka ulendo wa kumudzi kukachita chinkhoswe ndi ukwati, ndipo unandiuza kale kuti ku Joni sudzabweranso kudzakhala. Ine tchuthi andipatsa cha sabata ya ukwati yokha, ndidzakutsatirani pa basi. Ndiye kuti mpata woti tikhale pansi ngati mayi ndi mwana watha, watsala ndi wa pepala lino. Ndikamaliza ndijambula masamba onse ndikutumizire pa foni. Uwerenge mpaka kumapeto, usachite zako zija zongonditumizira kachala koloza kumwamba usanawerenge ndi mzere umodzi womwe.

Lamlungu lija ku Cosmo City tinasiyana moipa. Unandionetsa zithunzi za galimoto, ine ndinaimirira, kusiya tiyi m'kapu, n'kupita kukakwera teksi osatsanzika bwino. Tadala anandiimbira pambuyo pake kundifunsa ngati wandilakwira. Umuuze kuti sanalakwe kanthu. Iwenso ndikudziwa zimene unaganiza, kuti mayi ako sakondwera ukatukuka, kuti ndinazolowera umphawi mpaka ndimaopa chinthu chilichonse chonyezimira. Si choncho. Unanena zinthu zitatu tsiku lija mosaziganizira, ndipo zitatuzo ndi zimene zinandichotsa pamenepo. Unati mwini galimoto anakuuza kuti uzifika teni koloko, osati m'mawa kwambiri. Unati unaipeza yonyowa, angoitsuka kumene, n'kumayamikira kuti amaisamala. Kenaka unati, "Mayi musadandaule, ili sharp. Ngakhale mayi wogwira ntchito m'nyumbamo ndi wa kwathu, wa ku Mulanje. Ndinamufunsa m'Chichewa, anandiuza yekha kuti ili bwino." Zitatuzi uzisunge m'mutu, tizipeza kutsogoloku.

Ndiyambe ndi kuvomera, chifukwa ndatopa ndi kukangana. Galimotoyo ndi yokongola. Ndinaiona ndi maso angawa pazithunzi zija, yakuda bii, mipando yachikopa, chitseko chake unati chimatsekeka mofatsa ngati cha firiji ya olemera. Ndalama ndi zako, unazipeza ndi manja ako, zaka zonsezi ukulowetsa mikono m'mapaipi a zimbudzi za anthu ku Sandton. Mwana amene wakhala akulowera khomo la kuseri ndi bokosi la zipangizo akafuna kuti tsiku limodzi atsike galimoto yotere anthu akumuona, ine sindingamuseke. Ndikumvetsa kuposa mmene ukuganizira. Komatu ndiwe wemwe unandiuza kuti injini za mtundu umenewo zili ndi matenda odziwika, tcheni cha m'kati chimene chimatamuka, ndipo chikaduka injini yonse imatheratu. Unati unawerenga pa foni, makaniko wako wa ku Diepsloot uja anavomerezanso, ndipo n'chifukwa chake mtengo uli wotsika chonchija. Kenaka unatseka nkhani ndi mawu akuti, "Koma si zonse zimafa." Zoona, si zonse. Funso langa ndi lakuti iyi ili mbali iti, ndipo ndani akakhale pampando wa kutsogolo tsiku lodziwira yankho.

Ukukumbukira firiji yathu ya ku Diepsloot? Unali ndi zaka khumi ndi ziwiri, bambo ako atangomwalira, nditakuitanitsa kwa agogo ako ku Balaka. Ndinafuna kuti mwana wanga azimwa madzi ozizira ngati ana a kuntchito kwanga. Munthu wina pafupi ndi renki ya mateksi amagulitsa firiji yogwiritsidwa kale ntchito, yoyera mbee. Ndinatsegula chitseko, getsi la m'kati linayaka. Ndinaika dzanja, munali mozizira mpaka zala kuwawa. Ndinalipira osanenerera n'komwe, n'kuikweza pa baki, kagalimoto kotsegula kumbuyo, anthu a mu mzere wathu akutuluka m'mashaki awo a malata kudzaona. Kufika kunyumba inalira usiku wonse ngati njuchi, koma m'mawa batala anali madzi. Mayi wina woyandikana nafe ndiye anandiuza, akuseka mpaka misozi, kuti munthu uja amagoneka mabotolo a madzi oundana m'firijimo n'kuwachotsa wogula akamayandikira. Inatha ndi kukhala kabati, iwe umasungamo makope ako kuti makoswe asadye. Tinaseka nayo zaka zambiri firiji ija, chifukwa chimene chinatayika ndi ndalama ndi batala basi. Ndikufuna udziwe kuti wogulitsa amadziwa pamene dzanja la wogula likagwire, ndipo amafikapo iwe usanafike.

Za bambo ako ndinakuuzapo theka lokha. Anabwera ku Balaka mwezi wa Disembala pa galimoto yofiira yochokera ku Joni, fumbi koboo, ana akuthamangira pambuyo mpaka pabwalo la tchalitchi. Atsikana tonse tinasiya mitsuko. Atandifunsira ine, anzanga ena anasiya kundilankhula mwezi wathunthu. Ukwati utatha, ndikumanga katundu kuti ndikwere galimoto ya mwamuna wanga, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza akuyang'ana pansi kuti galimoto ndi ya mnzake wa kuntchito, ndipo mwini wake wanyamuka nayo kale m'mamawa. Tinapita ku Joni pa basi, ine nditanyamula thumba la ufa pamiyendo. Ndinalira mpaka ku Mwanza. Bambo ako anali munthu wabwino, Mulungu awasunge, sanadyepo ine ndisanadye. Koma manyazi a galimoto ija anawasenza mpaka kumanda, sankatha kuyang'ana alamu awo m'maso. Nanga anthu amene anaimbira nthungululu galimoto ija? Pofika Chaka Chatsopano anali akukamba za ng'ombe ya munthu wina imene inagwera m'chitsime. Anthu a kumudzi amaombera m'manja tsiku limodzi, Limbani, mawa lake aliyense amapita kumunda kwake. Usagule chinthu chifukwa cha tsiku limodzi limenelo.

Tsopano ndifike pamene ndakhala ndikuzungulira. Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale abusa. Koma ukapanda kuimva lero sidzakhalanso ndi ntchito.

Ndisanabwere kunyumba ino ndinkagwira ntchito ku Fourways, ukukumbukira, kumene ndinkabwerako ndi nsapato zotsala za mwana wa bwana. Chipinda changa chinali chogundana khoma ndi galaja. Ine za injini sindidziwa, chiwongolero sindinachigwirepo pamsewu. Koma pali chinthu chimodzi chimene ife antchito ogonera konko timadziwa kuposa makaniko aliyense: timamva magalimoto a mabwana akamadzuka. Makaniko amaiona galimoto masana itayenda kale, wogula amaiona itasamba. Ife timaimva sikisi koloko m'mawa, itagona usiku wonse, isanadzikonze. Bwana wanga anali ndi galimoto ya mtundu womwewo ukufunawu, kusiyana kwake yake inali yotuwa. Zaka zoyamba ikamalira inkangoti ng'ung'ung'u mofatsa, ine n'kudziwa kuti nthawi yoika madzi pamoto yakwana. Kenaka chaka china nyengo yozizira inayamba kachilendo. Akangoiliza inkati khwetchekhwetche, ngati masipuni ukatseka dirowa mwamphamvu, kenaka zii, n'kumalira bwinobwino ngati sinachite kanthu. Poyamba kanali kamphindi kopuma kamodzi. Patapita miyezi ndinkawerenga mpaka katatu. Pambuyo pake mpaka kasanu, ndili gone pabedi ndikuwerenga ngati ndi galimoto yanga. Masana, ikatentha, sinkachita zimenezo ngakhale kamodzi.

Tsiku lina bwana anapita nayo kokonzetsa, anabwerako nkhope ili gwa. Chizungu ndimamva, ngakhale iwo ankalankhula pamaso panga ngati ndine mpando. Ndinamva akuuza madamu kuti tchenicho chili kumbuyo kwa injini, kuti achisinthe mpofunika kutsitsa injini yonse, ndipo iwo ndalama yotere sangaitaye pa galimoto yakale. Sabata yotsatira galimoto inajambulidwa zithunzi. Loweruka m'mawa anandiitana m'galaja, n'kundipatsa makiyi koyamba chiyambire ntchito. Anandionetsa poponda ndi podina. Anati ndiilize ipitirire mphindi makumi awiri, ndiizimitse, kenaka ndiitulutsire paipi ya madzi ndiitsuke bwinobwino, makamaka boneti, chifukwa teni koloko kukubwera munthu. Ndinadziwa chifukwa chake, Limbani. Sindinganame kuti sindinadziwe. Ndinailiza ndekha, inachita khwetchekhwetche pansi pa phazi langa, ndinawerenga mpaka kasanu ndi kamodzi. Kenaka ndinathira madzi ozizira pa boneti kuti dzanja la wogula likapezepo pozizira.

Teni koloko panafika bambo wina wovala kachipewa koyera ka Chisilamu, manja okhakhala a mmisiri womanga nyumba. Mkazi wake anatsalira panja pa geti, atakhala pa kakhoma, pathupi pataonekera kale. Kunkatentha, ndiye ndinawatengera madzi m'kapu. Mayiyo polandira anati, "Zikomo," asanakumbuke kuti ali ku Joni. Tinayang'anana, tonse n'kuseka. Anali a Jafali ndi a Patuma, a ku Machinga. Anagwira ntchito zaka zambiri kuno, ndipo tsopano ankabwerera kwawo kuti mwana akabadwire kumudzi. A Jafali anazungulira galimoto, anaika dzanja pa boneti, anailiza, inalira mokoma ngati kwaya. Bwana atalowa m'nyumba kukatenga mapepala, a Jafali anandiyandikira n'kutsitsa mawu.

"Achemwali, inu ndi amene mumakhala nayo galimotoyi. Mzunguyu sangandiuze zoona. Ndiuzeni ngati mlongo wanga, ili bwino?"

Ndinayang'ana kuwindo, madamu anali ataima kuseri kwa katani. Mapepala anga okhalira m'dziko muno anali atatha mphamvu nthawi imeneyo, bwana ankadziwa. Iwe unali pasukulu, mayeso ali pafupi. Zonsezi zinadutsa m'mutu mwanga nthawi imodzi, ndipo ndinayang'ana pansi, pamadzi amene ndinathira ndekha.

"Ili bwino, achimwene."

"Basi," anatero a Jafali, nkhope ikuwala. "Ndimafuna ndibwere ndi makaniko Lolemba, koma kungotaya nthawi. Mawu a munthu wa kwathu andikwanira."

Anapita nayo tsiku lomwelo, a Patuma akundibayibitsa pawindo. Madzulo ake madamu anandipatsa theka la nkhuku yootcha kuti ndikadyere kuchipinda kwanga. Ndinadya, mwanangu. Njala siidziwa manyazi.

Panapita zaka ziwiri. Ku Diepsloot kunachitika maliro a mnyamata wa kwathu, a Malawi tinasonkhana kukonza zotumiza thupi kumudzi. Ndili pakati pa amayi ndinamva munthu akuti, "Achemwali a ku Fourways!" Anali a Jafali, ataonda, ndevu zitachita imvi. Ndinafuna nthaka ing'ambike. Anandikokera pambali n'kundifotokozera okha, ine osafunsa. Anadutsa Beitbridge bwinobwino, Harare, Nyamapanda, mlatho wa Tete anaoloka akuimba nyimbo. Atapitirira pang'ono, asanafike ku Zobwe, dzuwa lili paliwombo, injini inangoti phwaa, kenaka zii. Malo ake opanda nyumba, opanda mthunzi woti n'kutchula, kutentha kwa ku Tete ukukudziwa. Anakhala pamenepo masiku awiri, madzi anawathera, a Jafali akuopa kusiya katundu ndi mkazi pamsewu, akuyembekeza makaniko amene munthu wina wa njinga analonjeza kuti amuitana. Tsiku lachiwiri a Patuma anayamba kumva kupweteka nthawi isanakwane. Lole ina inawatenga kupita nawo kukachipatala kakang'ono. Mayi anapulumuka. Mwana ayi, anali wamkazi. Galimoto anaigulitsa komweko ngati zitsulo, ndipo a Jafali anabwerera ku Joni kudzayambiranso kusenza njerwa.

Ukudziwa chimene anandiuza pomaliza? Anati, "Musadandaule achemwali, inu mukanadziwa bwanji za m'kati mwa injini? Zonse ndi Mulungu. Mayi akunyumba amakukumbukiranibe chifukwa cha madzi aja." Ndinangogwedeza mutu kuvomereza. Kanali kachiwiri kuwanamiza, ulendo uno popanda madamu pawindo, popanda chondiopseza chilichonse. Sindinawaonenso. Mwina mwana uja sakanakhala moyo ngakhale akanakwera basi, ine si dokotala, ndipo ndadziuza zimenezi kambirimbiri. Koma sizimandigonetsa tulo. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu anali ndi nzeru yobwera ndi makaniko Lolemba, ndipo mawu anga atatu anamuchotsa nzeruyo.

Ndiye Lamlungu lija, iwe ukuti teni koloko, ukuti yonyowa, ukuti mayi wa ku Mulanje anati ili bwino, Tadala atakhala pambali pako akusisita pathupi pa miyezi isanu ndi iwiri, ukuganiza kuti ndinaona chiyani? Ndinaona msewu wa ku Tete. Ndinaona kuti ngongole imene ndinaitenga kwa a Jafali yabwera kudzafuna mdzukulu wanga. N'chifukwa chake ndinasiya tiyi.

Sindikunena kuti wogulitsayo ndi wakuba. Sindikumudziwa. Mwina amadzuka mochedwa, mwina amakonda galimoto yoyera, mwina mayi uja ananena zoona. Koma iwe sukudziwanso, ndipo pamenepa ndi pamene pali vuto. Uli ndi zithunzi, uli ndi mtengo wabwino, uli ndi mawu a munthu amene ntchito yake, malo ake ogona, mwinanso mapepala ake, zili m'manja mwa mwini galimoto. Zimenezo si umboni. Galimoto ija sunaimve ikamadzuka, ndiye kuti sunaimve n'komwe.

Tamvera tsono zoti uchite, ndipo usandiuze kuti nthawi yatha, chifukwa kuthamanga si kufika. Umuimbire mwini wake lero lomwe. Umuuze mwaulemu kuti ndalama zilipo, koma ukufuna uilize wekha mawa sikisi koloko, itagona osakhudzidwa. Akavomera mosavuta, ndi chizindikiro chabwino. Akayamba zoti ana agona, agalu sakumangidwa, pali wina akufunanso kugula ndiye fulumira, wakuyankha kale, umuthokoze n'kudula foni. Ukapita, utenge makaniko wako uja, umulipire tsiku lake lonse, usaumire pamenepo. Usakhutire ndi kugwira pamwamba pa boneti, ndakuuza kale amene amaziziritsa pamenepo. Uitsegule, ulowetse dzanja m'kati pafupi ndi injini, ugwirenso paipi ya utsi kumbuyo. Uyang'ane pansi ngati pali ponyowa. Zonse zikakhala zozizira, uzimitse wailesi, utsegule mawindo, aliyense akhale chete, ndiye uilize. Mphindi yoyambayo ndi imene ikuuze zoona, yachiwiri yayamba kale kunama.

Ikachita khwetchekhwetche, ngakhale kamodzi, uisiye. Ndikudziwa mmene mtima wako ulili, ukayamba kuwerengera kuti poti yatsika mtengo, ndigule ndikasinthe tcheni. Ngati n'choncho, chisinthidwe kuno ku Joni kumene zipangizo zake zimapezeka, usananyamuke, ngakhale zitenge sabata ziwiri, ndipo ufunse kaye mtengo wa ntchitoyo usanapereke kanthu kwa mwini galimoto, uone ngati kutchipa kuja kukhalepobe. Usadzinamize kuti ukakonzetsa kumudzi. Makaniko a kwathu ndi anzeru, amadzutsa minibasi yakufa ndi waya ndi sipanala imodzi, koma kutsitsa injini yotereyo pansi pa mtengo wa mango, kachitsulo kalikonse kochita kuitanitsa ku Joni pa basi, si chinthu choyambira nacho banja. Ndipo Tadala asakwere galimoto imene mtima wako ukukayikira ngakhale pang'ono. Akwere basi ndi ine, ndikamusamalira, chinkhoswe chikasunthidwe. Atsibweni ako akadandaula, uwauze aimbire ine.

Ikapezeka kuti ili chete, ndiye kuti wapambana mayeso oyamba okha. Ukhale pansi udzifunsebe. Ukukakhala ku Ntcheu kwa akazi ako, msewu wopita kwawo ndinauona pazithunzi, mvula ikagwa ngakhale ng'ombe zimaganiza kawiri. Ntchito yako ndi ya mapaipi. Mapaipi aatali aja, simenti, masinki, ukazikweza pamipando yachikopa? Kale unkakamba za baki yoyera ija, yosaoneka bwino, imene unati makaniko aliyense kuyambira pano mpaka ku Karonga amaidziwa ngati chikhatho chake. Unasiya kuitchula tsiku limene anzako a ku renki anakuseka kuti mkwati safika pa galimoto yonyamula mbuzi. Anzakowo Loweruka satsagana nawe, akakhala ali ku Cosmo City akuotcha nyama iwe uli pa Tete. Chikomekome cha mkuyu, mwanangu, ndipo nyerere za mkuyu uwu wachita kuuzidwa usanathyole.

Sindikukuletsa. Wakula, ndevu zako ndi zambiri kuposa za bambo ako, ndipo ine mphamvu zoletsa munthu zinandithera pa mabafa a eni ake. Maondo akupweteka, maso sakuonanso ulusi pa singano. Ukagula, ndidzakwera, ndidzakhala kumbuyo ngati madamu, mwinanso ndidzanyada. Chimene ndikupempha n'chimodzi: usagule chifukwa cha mawu a mayi wa ku Mulanje uja.

Ndipo za mayi ameneyo, undimvetse bwino. Usakamufunsenso. Usakamuike pakati pa iwe ndi bwana wake, chifukwa sukudziwa amene waima kuseri kwa katani, sukudziwanso mwana amene akumulipirira sukulu. Ukamupatse moni wa kwathu, umufunse za ku Mulanje ngati mvula inagwa bwino chaka chino, basi. Zikapezeka kuti anakunamiza, usakamunyoze, usakamuyang'ane ndi diso loipa n'komwe. Ukatero ukhala ukunyoza mayi ako. Iyeyo akadzakumbukira nkhope yako zaka zikubwerazi, adzakumbukire mnyamata amene anapita kwawo wamoyo ndi mkazi wake, kuti mtolo umene ndasenza inewu iye asausenze.

Zina zonse za banja ndikanakuuza, za kupirira, za kulemekeza apongozi, za kusagona ndi mkwiyo, ankhoswe akakuuza mpaka makutu kuwawa, ndipo akanena bwino kuposa ine. Ine changa n'chimenechi. Tadala ndi mwana wabwino, amakukhulupirira kwambiri moti ukati kwera, akwera osafunsa. Munthu wotere ndi woopsa kumunamiza, ngakhale bodza lake likhale lija lodzinamiza wekha poyamba. A Jafali anandikhulupirira chomwecho.

Madamu alowa kumene pageti, ndamva agalu. Ndisanayambe kalatayi ndinawapempha kuti mawa m'mawa andilole ndichoke, ndibwere masana. Anadabwa, chifukwa chiyambire ntchito kuno sindinapemphepo m'mawa wa tsiku la ntchito, ngakhale dzino litatupa. Avomera monyinyirika, akuti zovala zikhale zitasitidwa lero. Ndiye ndidzuka usiku usanathe, ndikwere teksi yoyamba, undipeze pa renki ya ku Cosmo City hafu pasiti faifi. Tipitire limodzi. Makaniko wako akayang'ane zake, ine ndikangoima pambali pa khoma la galaja n'kutseka maso. Phokoso limene lija ndingalizindikire ngakhale pakati pa msika, lakhala likundidzutsa zaka zonsezi ngakhale galimoto yake inasanduka zitsulo kalekale.

Ikakhala chete, ndikakuuza kuti ili chete, ndipo zotsalazo ukaganize wekha ngati bambo. Ikachita khwetchekhwetche, ndikanena pomwepo, mokweza, pamaso pa mwini wake, m'Chichewa ndi m'Chizungu momwe, kaya kuseri kwa katani kwaima ndani. Munthu anandifunsapo ngati mlongo wake, ndinayang'ana pansi. Iwe sunandifunse, koma mawa ndikayankha.

Uvale jekete, m'mawa kukuzizirabe. Tadala umusiye agone.

Ndine mayi ako.